Udzu timadya ndithu, koma osati masamba ake

Mu Januwale ndi Febuluwale ponseponse pamakhala pobiriwira koma nkhokwe zili mbee, ndipo funso limabweranso: ng'ombe ikunenepa ndi udzu womwewu, bwanji munthu osauphika n'kudya? Maganizo anga ndi akuti amene amauza anthu kuti masamba a udzu angawapulumutse ku njala akuwanamiza, ndipo akhoza kuwapweteketsa.

Chimanga, mpunga, mapira, mawere, tirigu, nzimbe ndi nsungwi ndi za banja limodzi ndi kapinga ndi tsekera. Chimanga chinachokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte, womwe anthu a ku Mexico anayamba kuulima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Ethiopia amaphika injera ndi ufa wa njere za udzu wa teff. Koma taonani chimene timatengako: njere, kapena madzi otsekemera a m'phesi. Nzimbe ndi misale timatafuna, kumeza madzi, zotsalazo n'kulavula.

Zolavulazo ndiye vuto lonse. Tsamba la udzu wauwisi ndi madzi okhaokha pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo gawo lalikulu la chotsalacho ndi ulusi wolimba wotchedwa cellulose. Mu ulusiwu muli mphamvu, koma m'mimba mwa munthu mulibe chouphwanyira. Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo zinayi, ndipo chigawo choyambacho chimalowa malita oposa 100. Mmenemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timawoletsa udzuwo, ng'ombe n'kumaubweza m'kamwa kubzikula kwa maola ambiri. Ngakhale ili ndi zida zonsezi, ng'ombe yolemera makilogalamu 300 imafuna nsenjere yaiwisi pafupifupi makilogalamu 30 pa tsiku. Munthu wamkulu amapeza mphamvu ya tsiku lonse mu ufa wa magalamu pafupifupi 600. Kuwiritsa kumafewetsa udzu koma sikuphwanya ulusi uja, choncho mimba imadzaza, thupi silipezapo kanthu, kenako kutsegula m'mimba komwe kumafooketsanso munthu wofooka kale. Pa mwana wamng'ono apa ndi poopsa kwambiri. Komanso masambawa ali ndi timchenga ta silica, tomwe tija timacheka zala pomweta, ndipo timaperesa mano.

Palinso chiphe. Mapira akadali aafupi, osafika m'mawondo, kapena akaphukiranso atadulidwa kapena atafota ndi ng'amba, masamba ake amatulutsa cyanide, chiphe chomwe chija cha chinangwa chowawa. Ng'ombe zimafa nacho pa maola ochepa chabe. N'chifukwa chake chimera cha mapira chikauma ndi bwino kuchifikisa n'kupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke musanasinje. Mphukira za nsungwi, zomwe ku China ndi ku Japan ndi ndiwo, nazonso zili ndi chiphechi: amazisenda, kuzidula tizidutswa topyapyala, kuziwiritsa poto ali wosavundikira kwa mphindi zosachepera 20, madziwo n'kutaya.

Njere za udzu wakutchire ndi nkhani ina, chifukwa zimenezo ndi chakudya chenicheni. M'madera ouma a ku Mali, Niger ndi Chad anthu akhala akuzikolola kuyambira kalekale, ndipo nsungwi ikachita maluwa njere zake zimaphikika ngati mpunga. Koma ntchito yake ndi yakalavulagaga. Njere zakutchire sizikhwima nthawi imodzi ndipo zikangokhwima zimayoyoka, ndiye muyenera kumadutsa m'malo omwewo kangapo, kugwedezera ngala mu lichero kapena m'dengu. Mukatero muziyanike mpaka ziume gwa, musinje pang'onopang'ono kuti mankhusu asiyane ndi njere, mupete kawiri kapena katatu, chifukwa timinga ta mankhusu timabaya pakhosi.

Musanaphike yang'anitsitsani. Mukaona njere zakuda, zolimba, zotalikirapo kuposa zinzake, umenewo ndi bowa wa ergot. Chiphe chake sichitha ndi moto, ndipo chimatseka mitsempha ya magazi mpaka zala kapena mwendo kuwola. Ku Wollo, m'dziko la Ethiopia, anthu anafa ndipo ena anataya miyendo cha m'ma 1978 atadya balere wosakanikirana ndi njere za udzu zogwidwa ndi bowayu. Njira youchotsera ndi kusungunula mchere makilogalamu 2 m'madzi okwana malita 10 n'kuthiramo njerezo. Zoipa zimayandama, mumaziwola n'kutaya, zabwino mumazitsuka ndi madzi oyera n'kuyanikanso. Udzu wa m'mbali mwa msewu ndi wa m'minda yopoperedwa mankhwala opha udzu musaukhudze n'komwe.

Mukawerengera mchere, nkhuni ndi masiku otayika pamene kumunda kukufunika kupalira ndi kubandira, phindu lake ndi lochepa. Ngati tikufuna kuti udzu utithandize, ine ndingasankhe njira ziwiri. Nsenjere ibzalidwe m'milambala n'kumadyetsa mbuzi, ng'ombe kapena akalulu, ife tizimwa mkaka ndi kudya nyama. Ndipo kachigawo ka munda kabwerere ku mapira ndi mawere, zomwe zimapirira ng'amba kuposa chimanga. Mawere ouma bwino amakhala zaka zingapo m'nkhokwe anankafumbwe osawavutitsa kwenikweni.