Ma 4 atatu ali m'manja, mzinga osalira

Amene mwakhala mukundiseka kuti bambo wandevu zake wayamba kusewera ndi zidole, khalani pansi, lero ndikupatsani choseka china. Lachinayi usiku ndinagonja. Kasinja wanga anapsa pakati pa tebulo anthu atatu akuonerera, chipolopolo chili mumzinga. Koma pobwerera kunyumba ndinkamwetulira ndekha m'basi ngati munthu woti malipiro alowa.

Kwa amene simukudziwa, kuno ku Nottingham, ku England, masewera a nkhondo apatebulo si nkhani ya ana. Makampani otchuka opanga tiasilikali tapulasitiki, Games Workshop ndi Warlord Games, ali momuno. Madzulo azibambo akuluakulu amakumana m'maholo obwereka, n'kuyala nsalu yobiriwira patebulo la mafiti 6 mulitali ndi 4 mulifupi, n'kuikapo tinyumba, timitengo ndi timisewu. Ine anandikokera kumeneko ndi mdala wina amene timagwira naye ntchito ya usiku.

Malamulo amene tinayesa ndi a kabuku kotchedwa What a Tanker!, ka gulu la Too Fat Lardies, kamene kanatuluka mu 2018. Kwa eni ake si atsopano, kwa ine ndi atsopano. Munthu aliyense amakhala ndi kasinja mmodzi yekha wa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ine anandipatsa Sherman wa ku America, wosafika kutalika kwa chikhatho changa. Mdalayo anatenga Panzer IV wa ku Germany. Nthawi yako ikakwana, umaponya madayisi 6, ndipo nambala iliyonse ili ndi ntchito yake. 1 ndi kuyenda. 2 ndi kuona mdani. 3 ndi kulozetsa mzinga. 4 ndi kuwomba. 5 ndi kuika chipolopolo china. 6 ndi mfumu, umaisandutsa chilichonse chimene ukufuna. Ndipo pali ndondomeko: sungalozetse mzinga kwa munthu amene sunamuone, sungawombe usanalozetse.

Ndiye tamvani. Panzer uja watulukira kuseri kwa mpanda wa mitengo, watembenuka molakwika, nthiti yake yonse ili poyera kutsogolo kwanga. Aliyense amene wasewerako amadziwa kuti chitsulo cha m'mbali mwa kasinja n'chopyapyala kuposa cha pamphumi, ndi mmenenso zinalili pa akasinja enieniwo. Mtima unagunda. Ndinaponya: 4, 4, 4, 5, 1, 1. Ma 4 atatu! Koma 2 palibe, 3 palibe, 6 palibe. Ine ndi maso angawa ndikumuona mdani, ndikhoza kumugwira ndi chala, koma malamulo akuti anthu anga m'kasinjamo sanamuone. Chimene ndikanatha n'kungoyenda basi. Ndinayenda, ndipo ndinayenda mopusa, n'kukadziika ndekha pamsewu.

Ndinakwiya, sindikubisirani. Ine ndinakulira pa bawo. Pa bawo palibe zoti lero sunadzuke bwino. Nkhomo zonse zili poyera, ukawerenga bwino udya, ukatakata mosaganiza wadzipha wekha, ndipo oonerera aja sakusiya, akuuza pompo pamene walakwitsa. Ndiye ndinamuuza mdalayo kuti izi si masewera anzeru, ndi njuga yovala yunifolomu.

Iye sanatsutse. Anangondifunsa kuti, "Kodi m'kasinjamo inuyo ndinu ndani?"

Funso limenelo ndi limene landisintha maganizo, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba zonsezi. Ine ndimadziona ngati mwini nkhondo, woyang'ana kuchokera kumwamba ngati kabawi. Koma malamulowa akundiika mkati mwa chitsulo. Mu Sherman munkakhala anthu 5: wolamula, wowomba, woika zipolopolo, dalaivala ndi womuthandiza. Wolamula ndiwe, koma manja amene akugwira ntchito si ako. Injini ikubangula, utsi wa onga wadzaza, fumbi lili paliponse, ukukuwa kuti "kumanzere!" koma wowombayo akusuzumira pakagalasi kakang'ono ndipo akungoona masamba. Ma 4 anga atatu aja anali mnyamata wokonzeka kuwomba, amene palibe anamuuza kowombera. Nditaganiza choncho mkwiyo unatha, kunabwera chisoni ndi kuseka nthawi imodzi.

Chaka chatha ndinapita ku Bovington, ku Dorset, kumene kuli nyumba yaikulu yosungiramo akasinja. Anthu ambiri amathamangira Tiger 131, kasinja wa ku Germany uja anagwidwa ku Tunisia mu 1943, amene mpaka pano amayenda. Chinyama cholemera matani oposa 50, mzinga wa mamilimita 88. Koma chimene chinandikhala m'mutu ine si mzingawo, ndi timabowo toonera panja. Tina n'topyapyala ngati mpata wa pansi pa chitseko. Munthu aone bwanji dziko kudzera pamenepo, galimoto ikudumpha m'mabampu? N'chifukwa chake olamula ambiri ankayenda mutu uli kunja, ndipo ambiri anafera pomwepo. M'masewerawa zimenezi zilimo. Uli ndi ufulu wotsegula chivundikiro kapena kutseka. Ukatsegula umaona mdani msanga koma wadziika pangozi. Ukatseka watetezeka koma wasanduka wakhungu. Kusankha kumeneku si dayisi imene imakupangira, ndi iweyo.

Apa ndi pamene ndasiyana ndi mawu anga aja oti njuga. Wanjuga amaponya n'kudikira. Apa ntchito imayamba ukaponya. Madayisi 6 aja ali patsogolo pako, uyambe ndi liti? 6 mmodzi yekhayu umusandutse chiyani, kuwomba kapena kuthawa? Mdala uja anandigonjetsa osati chifukwa cha mwayi. Madayisi akamukana, iye sankakakamira. Ankabwerera kuseri kwa nyumba, kuika chipolopolo, kudikira. Ine ndinkayenda chifukwa choti 1 wabwera ndiye asapite pachabe, ngati munthu wodya nsima atakhuta poti yaphikidwa kale. Ngakhale asilikali a ku Prussia, ufumu wakale wa Ajeremani, amene mu 1824 anayamba kuphunzitsa akuluakulu awo nkhondo patebulo, anaikamo madayisi mwadala. Ankadziwa kuti lamulo lochoka pakamwa silifika lonse kumene likupita.

Chinanso chimene chandisangalatsa: kasinja akamenyedwa koma osaphulika, amakulanda madayisi. Unali ndi 6, watsala ndi 4, kenako 3. Palibe chifukwa cholembera manambala ambirimbiri papepala. Umangomva m'manja kuti zapepuka, kuti anthu ako agwidwa mantha ndipo sakukumvanso bwino. Pamene ndinatsala ndi madayisi atatu, ndinkawagwedeza nthawi yaitali ngati angaswane.

Zosakoma zilipo. Mulibe asilikali oyenda pansi, pomwe ku Normandy, ku France, mu 1944 wolamula kasinja ankaopanso mnyamata mmodzi wobisala mumpanda ndi Panzerfaust, chida cha m'manja cha Ajeremani chophulitsira akasinja. Ndipo ndikuona kuti anthu awiri okha akhoza kutopa nawo msanga. Kukoma kwake ndi gulu, anayi kapena kuposa, kuti pakhale wokuseka.

Kasinja wanga atapsa, anamuika kathonje kopaka utoto wakuda ndi wofiira pamwamba, kukhala ngati utsi. Tonse tinaseka. Koma kwa kamphindi ndinayang'ana kathonjeko n'kukumbukira kuti m'menemo munali anthu 5. Nkhondo yomweyi inatenganso anyamata a kwathu a King's African Rifles mpaka ku Burma, oyenda pansi, opanda chitsulo chowazungulira. Sindinanene kanthu, tinayambanso gemu ina, ndinagonjanso, koma ulendo uno ndinawombako kawiri.

Lachinayi likubwerali ndikupita ndi wangawanga. Ndagula T-34 wa ku Russia, wa mzinga wa mamilimita 76, uja munkakhala anthu 4 okha ndipo wolamula ankawombanso yekha. Mdala uja akuti ndadzisankhira mavuto. Panopa ali patebulo la kukhitchini, guluu sanaume, unyolo wa mbali imodzi ndaumata chozondoka. Mayi akunyumba andipatsa mpaka mawa m'mawa kuti ndimuchotsepo, apo ayi akalowa m'bini limodzi ndi makoko a mbatata.