Chikho chidzatsala ku Ulaya, mabala mudzabwera nawo kunyumba

Ana inu, khalani pansi mumve. Nyengo ya chipulula yafikanso, ndipo ndaona kale kuti mitu yayamba kuzungulira. Pamsika nkhani ndi Champions League, pa siteji ya kabaza ndi yomweyo, ngakhale pamaliro anyamata okumba manda akukangana za amene afike mu fainolo. Wina asanene kuti nkhalambayi imadana ndi mpira. Matimu a ku Ulayawa ndinayamba kuwatsata inu musanabadwe, khutu lili pa kawailesi ka mabatire, mawu akubwera ndi kupita ngati mphepo. Mpira ndimaukonda. Chimene chandinyansa ndi m'mene mukuonerera.

Sabata zapitazi ndinalowa mu video show ina pa tireding'i senta yathu kukaonera masewera a usiku aja oyamba 10 koloko. Chinyumba chamalata, chopanda windo ndi limodzi lomwe, mabenchi othithikana, anthu odzaza mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo. Mpira utangoyamba ndinamva kuti khwe! Mwini wake wakhoma chitseko ndi loko, ati kuopa olowa ulere, kiyi waika m'thumba, iye ulendo kukagula ndudu. Kuseri kwa kanema jenereta ikulira, chigubu cha petulo chili pambali pake, mnyamata wina akusuta chapomwepo. Nditadandaula, kamwana kena, kamsinkhu wa mdzukulu wanga, kanandiyankha kuti, "Madala, ngati mukuopa kagoneni." Anzake n'kuseka. Ndinakhala chete, koma mpira umenewo sindinauone, maso anga anali pachitseko mpaka woimbira anaimba wezulo yomaliza.

Inu mukuganiza kuti ngozi za mpira zimachitikira okhawo amene ali m'bwalo. Mverani. Pa 3 June 2017, Juventus inkasewera fainolo ndi Real Madrid ku Cardiff. Anthu a mumzinda wa Turin, kwawo kwa Juventus, anasonkhana pabwalo lotchedwa Piazza San Carlo kuonera pa chikanema chachikulu, monga momwe inu mumachitiramu, kungoti iwo anali pafupifupi 30,000. Mbava zina zinapopera mankhwala oyabwa m'maso pakati pa gululo kuti zibe bwino. Anthu anaganiza kuti kwaphulika bomba, aliyense phazi thandize. Ovulala anapitirira 1,500, ndipo ambiri anachekedwa ndi mabotolo a mowa amene iwo eni anali atataya pansi. Mayi wina anapondedwa n'kukamwalirira kuchipatala, wina anapuwala mpaka kumwalira mu 2019. Mpira unali kutali, dziko lina, koma magazi anakhetsedwa pamaso pa kanema. Ndipotu pamenepo panali pabwalo, poyera, pali misewu yothawira. Nanga inu m'chinyumba cha khomo limodzi, lokhoma, wina akangokuwa kuti "moto!" mudzatulukira pati?

Chaka chomwecho, mu April, ku Calabar m'dziko la Nigeria, anthu anadzaza m'nyumba yamalata kuonera Manchester United ndi Anderlecht mu Europa League. Waya wa magetsi amphamvu unaduka n'kugwera padenga. Anthu osachepera 7 anafera pomwepo. Inu eni ake a malo oonetsera mpira, ndikulankhula ndi inu tsopano. Tayang'anani mmwamba muone chimene chadutsa pamwamba pa denga lanu. Tayang'anani mawaya amene mwalumikiza ndi mapepala a shuga, olendewera pamitu pa ana a eni. Ndalama za pakhomo mumawerenga bwino, osaphonya ndi kobiri lomwe, koma anthu amene mwalowetsa simuwerenga. Jenereta malo ake ndi panja. Utsi wake sununkha moti munthu n'kuthawa, umangofooketsa, munthu n'kumayesa ndi tulo. Chitseko chikhale chotsegula. Ngati mukuopa olowa ulere, imikani munthu pakhomo mumulipire. Tsiku limene mudzatulutse mitembo ya ana a anzanu, simudzatha kuyang'ana makolo awo kumaso, ndipo ndalama ya usiku umodziyo sidzakwana ngakhale bokosi limodzi.

Ndibwerere kwa inu anyamata. Magetsi akathima kapena dikoda ikazima pakati pa mpira, n'chifukwa chiyani mumasanduka zilombo? Kuphwanya mabenchi, kugenda malata, kufuna kumenya mwana wogulitsa matikiti ngati ndiye wathimitsa. Khalidwe limeneli anzanu analiyesa kale. Mu May 2008 fainolo ya UEFA Cup inali ku Manchester, Rangers ya ku Scotland ndi Zenit ya ku Russia. Ochemerera Rangers ochuluka zedi anapita opanda matikiti, atamwa kuyambira m'mawa, kudalira makanema a mumsewu. Kanema wa pa Piccadilly Gardens anakanika kuonetsa. Kunali kugenda mabotolo ndi kumenyana ndi apolisi usiku wonse. Mpira sanauone, timu yawo inagonja 2-0, ena anakalowa m'ndende, ndipo mpaka lero anthu akamakumbukira fainolo imeneyo sakamba za zigoli, amakamba za manyaziwo.

Koma chachikulu chimene ndimafuna mudziwe ndi cha Heysel, chifukwa ambiri a inu mumavala jezi zofiira osadziwa n'komwe dzina limeneli. Pa 29 May 1985, pa bwalo la Heysel ku Brussels m'dziko la Belgium, Liverpool inkakumana ndi Juventus mu fainolo ya European Cup, chikho chomwechi chisanasinthe dzina. Bwalo linali lakalekale, makoma ogumukagumuka. Kutatsala pafupifupi ola kuti mpira uyambe, magulu awiri anayamba kugendana, kenaka ochemerera Liverpool ena anathyola mpanda n'kuthamangira mbali imene kunali anthu a Juventus. Anthuwo pothawa anapanikizana pakhoma, khoma linagwa. Anafa anthu 39, ambiri a ku Italy, ovulala mazanamazana. Chomvetsa chisoni, mpira unaseweredwabe mitembo ili panja pa bwalo. Platini anagoletsa penate, Juventus inatenga chikho chimene palibe anachisangalalira ndi mtima wonse. Matimu onse a ku England anawaletsa kusewera mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka 5, Liverpool zaka 6, ndipo ochemerera 14 khoti linawapeza olakwa pa imfa za anthu.

Anyamata amene anathamangitsa anzawo tsiku limenelo sanadzuke m'mawa ndi maganizo okapha munthu. Anali amsinkhu wanu, atamwa, akufuna kuonetsa anzawo kuti iwo ndi madolo. Zinayamba ndi kutukwanizana ndi timiyala. Ndi zomwezo ndimaona kwa inu: timu yako yagoletsa, m'malo mokondwera pamalo pako, wadumpha mabenchi atatu kukavinira pamphuno pa mnzako, kumutukwanira mayi ake omubereka chifukwa cha chigoli cha munthu amene sadziwa n'komwe kuti Malawi ali kuti. Mnzakoyo wabetcha ndalama ya lendi, mtima uli kale m'malere, m'manja muli botolo. Mukuyembekezera chiyani? Mutu ukang'ambika, osoka ndi adokotala a kuno, olipira galimoto ya kuchipatala ndi mayi ako ogulitsa mandasi, okapepesa kwa amfumu ndi amalume ako.

Za kubetchazi sindichulukitsa, poti mumatseka makutu. Ndingokukumbutsani kuti chipulula sichidziwa wamkulu. Mu fainolo ya 2005 ku Istanbul, AC Milan inapita kokapuma ikutsogola 3-0 pa Liverpool, Maldini atagoletsa mphindi yoyamba, Crespo ziwiri. Ndani akanakana kuikapo njinga yake? M'mphindi 6 zokha Gerrard, Smicer ndi Alonso anabweza zonse, Liverpool n'kutenga chikho pa mapenate. Mu fainolo ya 1999 ku Barcelona, Bayern Munich inatsogola kuyambira kumayambiriro mpaka mphindi 90 zitakwana, Sheringham ndi Solskjaer a Manchester United n'kugoletsa ziwiri m'nthawi yoonjezera. Mu 2012 Bayern yomweyo inaluza fainolo pabwalo lakwawo, Drogba wa Chelsea atabweza chigoli pa mphindi 88. Ngati makochi amene amadya mpira, kugona mpira, sadziwa mathero ake, iwe wa pa foni yong'aluka galasi ukuti "iyi ndi shuwa" wadziwira kuti? Ndalama ya feteleza, ya fizi, ya bizinezi ya mkazi wako, si yoyesera mwayi. Ndipo ukaluza, mkwiyowo usakautulire pa mkazi ndi ana amene anagona osadziwa kuti kunja kuli mpira.

Kupambana nako kumapha, musayese kuluza kokha. Pa 31 May 2025 Paris Saint-Germain inathibula Inter Milan 5-0 ku Munich n'kutenga chikhochi koyamba. Usiku womwewo m'zikondwerero za ku France anthu 2 anamwalira, mmodzi mnyamata wa zaka 17 wobayidwa ndi mpeni, wina wogundidwa ndi galimoto ali pa njinga yamoto, ndipo omangidwa anapitirira 500. Kunonso ndimakuonani mpira ukatha: anthu anayi pa njinga yamoto imodzi, opanda chipewa, woyendetsa waledzera, hutala ikulira, nyali yakutsogolo yakufa. Masewera a February ndi March amatha cha m'ma 12 koloko usiku, akapita ku nthawi yoonjezera ndi mapenate ndiye kuposa pamenepo. Nthawi imeneyo msewu ndi wa zidakwa ndi achifwamba. Yendani m'magulu, wapansi, foni ili m'thumba. Amene kwanu ndi kutali gonani kwa mnzanu, mudzapita kukacha.

Makolo anzanga, nanunso muli ndi mlandu. Mwana wa Sitandade 6 akupezeka bwanji mu video show pakati pa usiku, Lachiwiri, mawa lake kuli sukulu? Mukuti simudziwa kumene ali, chonsecho ndalama yolowera mwamupatsa ndinu kuti asakusokoseni. Pakakhala chipwirikiti oyamba kupondedwa ndi ana. Sitinaiwale za pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene anthu 8 anafa popanikizana pachipata kufuna kukaonera Bullets ndi Silver Strikers, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Zimenezo si za ku Ulaya, ndi zathu, tinalira tonse.

Wina anena kuti azungu ali ndi apolisi ndi ndalama, zawo zimayenda bwino. Kafunseni amene anali pa Stade de France ku Paris pa fainolo ya pa 28 May 2022. Ochemerera Liverpool okhala ndi matikiti enieni anapanikizidwa pazipata, apolisi akuwathira utsi wokhetsa misozi, ana ali pomwepo, mpira n'kuchedwa kuyamba ndi mphindi zoposa 30. Kafukufuku atachitika anapeza kuti udindo waukulu unali wa UEFA eni mpikisano, komanso kuti chinathandiza kuti pasafe munthu ndi kudekha kwa ochemererawo, amene sanakankhane, m'malo mwake ankatetezana. Taonani kusiyana kwake ndi 1985: timu yomweyo, koma anthu ophunzira pa maliro. Ngati a UEFA ndi chuma chawo chonse analephera kusamala zipata, mwini video show wa kwanuko, wa loko ndi chigubu cha petulo, ndiye mukumudalira kuti akusamalirani moyo?

Tsiku la fainolo ine ndidzabwera, monga mwa masiku onse. Ndidzafika molawirira, ndidzakhala benchi ya pafupi ndi khomo. Ndikadzaona loko, kapena jenereta m'kati, kapena mwana wa yunifolomu, sindidzakangananso ndi tiana topanda ulemu ngati tsiku lija. Ndidzatuluka, ndipo m'mawa mwake ndidzalawirira kwa amfumu ndi kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Kamnyamata kanandiuza kuti ndikagone kaja, mayi ake timapemphera mpingo umodzi, ndipo Lamulungu lapitali ndawauza kale.