Makina okha sangaphunzitse dokotala

Nkhani yanuyi ikuti madokotala amene akuphunzira za opaleshoni sapeza mpata wokwanira wophunzira endoscopy, kuyeza kuja kolowetsa kachubu ka kamera kukhosi mpaka m'mimba. Ndikuvomereza, koma mwatsindika kwambiri za kuchepa kwa makina. Nanga wophunzitsa? Dzanja limazolowera pamene katswiri waima pambali pako, wodwala ndi wodwala, miyezi yambiri. Wophunzirayo tsiku lonse ali ku fiyeta ndi ovulala pa ngozi za njinga zamoto ndi ena obwera mwadzidzidzi. Akamasuka, mwina chubu chathyoka ndipo chikufunika kukakonzedwa kunja kwa dziko, kapena mankhwala ochitsukira atha.

Kuno ku Mangochi izi timazimva m'thupi. Malawi ali m'gulu la mayiko okhala ndi khansa ya kummero yochuluka kwambiri padziko lonse. Amalume anga anayamba kutsamwa ndi nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Pamene ankayezedwa ndi kamera mumzinda, matenda anali atapita patali.

Ndikupempha a KUHeS (yunivesite yophunzitsa zaumoyo kuno ku Malawi) ndi a COSECSA (bungwe loona za maphunziro a madokotala a opaleshoni m'chigawo chino cha Africa) apatule miyezi ya endoscopy yokha m'maphunzirowa, wophunzira asamaitanidwe kwina.