Mlendo wodzalankhula ku kalabu kwathu asamangochokera ku Blantyre

Ndakhala sabata yathunthu ndikudzifunsa ngati ndilembe izi kapena ndingomeza, poti anthu amene ndikuwanena ndi anzanga enieni ndipo awerenga. A Tcheya, mundikhululukire. Munanena nokha tsiku lija kuti amene ali ndi maganizo asamakanenere ku kabaza pobwerera kunyumba, azinena poyera. Ndiye ndi pano.

Kwa amene simukudziwa, kuno ku Mulanje tili ndi kakalabu kathu kothandiza m'dera. Si kalabu yaikulu ngati zija za ku Limbe ndi ku Blantyre ayi. Muli aphunzitsi angapo, anamwino awiri, makalaliki a m'maesiteti a tiyi, eni mashopu a pa Chitakale ndi pa Limbuli, ndi agogo ena opuma pantchito amene sasiya ambulera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Timasonkha mwezi ndi mwezi. Tagulapo madesiki, tinapentapo chipinda chodikirira amayi oyembekezera, timalipirira ana angapo fizi ya kusekondale, ndipo chinthu chimene timanyadira kwambiri ndi mjigo umene tinakumbitsa m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Kachitidwe ka misonkhano tinatengera ku Rotary ndi ku Lions, makalabu akuluakulu othandiza anthu opezeka m'maiko ambiri: kukumana, kumwa kanthu, kumvera mlendo wodzalankhula, kenako kukambirana ntchito.

Dandaulo langa lili pa mlendoyo.

Loweruka lapitali kunali chiperoni, chija chimakwirira phiri lonse osaona ngakhale Chambe. Mlendo wathu anali bambo wina wochokera mu mzinda, wophunzira bwino, waulemu, ndipo sindikumunyoza. Anafika mochedwa chifukwa cha msewu, tinamudikira. Anabwera ndi laputopu ndi projekita. Atangoyamba magetsi anazima, anyamata n'kuthamangira jenereta, ife tikungoyang'ana khoma loyera. Zitayaka analankhula pafupifupi ola lonse, m'Chingerezi chokhachokha, za utsogoleri ndi kukhala ndi masomphenya. Tinawomba m'manja, tinajambulitsa, tinamupatsa kapaketi ka tiyi ndi ya mafuta a galimoto. Lero ndafunsa anzanga atatu kuti anatolapo chiyani. Mmodzi wakumbukira nthabwala ya pa chiyambi. Awiri enawo akuti zinali bwino.

Koma kumbuyo kwa chipindacho kunakhala munthu wina amene sitinamuitane kudzalankhula. Ndi makaniko wa mijigo wa m'dera lija, anabwera kudzatenga ndalama yake ya ntchito imene anagwira pa mjigo wathu, ndipo msungichuma anamuuza kuti adikire msonkhano uthe. Anadikira maola atatu, jekete lonyowa, njinga ataitsamiritsa panja. Titafika pa nkhani ya mjigowo, amayi ena anadandaula kuti bwanji wawonongekanso chikhalirecho sunathe zaka zitatu, kodi anthu a kumudziko sasamala za chitukuko? Pamenepo agogo a ambulera aja anati, "Mwini wake wa nkhani ali kumbuyoko, bwanji osamufunsa?"

Bamboyo anaimirira mwamanyazi, chipewa m'manja. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kamphira kakuda, kozungulira ngati kachibangiri ka mwana wakhanda, kakudyeka mbali imodzi. Anakaika pa sosala ya kapu ya tiyi, sosalayo n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Anati, "Mabwana, chimene chinapha mjigo wanu ndi ichi."

Zimene anatiuza m'mphindi khumi zija ndizilemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu muli m'makomiti a mijigo kwanuko. Mjigo sufa tsiku limodzi, umayamba wadandaula. Mukaona m'mawa mtsikana akupopa kambirimbiri madzi asanayambe kutuluka, ndiye kuti kavalavu ka pansi kakudontha, madzi amabwerera usiku. Mukaona madzi akutuluka ochepa chikhalirecho mukupopa mwamphamvu, kamphira kaja katha. Mpini ukayamba kugwedera uku ndi uku, n'kumalira kwii kwii, mabushi apulasitiki amene mpiniwo umazungulirapo adyeka, ndipo mukawasiya chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake. Ndodo za m'kati zikasowa timphira tozigwira pakati zimakhula paipi mpaka kuiboola. Tizinthu tonseti n'totchipa, tofunika kusintha pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo anthu a pamudzi atha kusintha okha ndi sipanala imodzi. Koma paipi ikabooka ndiye kuti muzule zonse, ndipo ndalama yake komiti ya pamudzi singaikwanitse.

Kenako ananena mawu amene anandibaya. Anati tsiku lopereka mjigo tinabwera ndi magalimoto anayi, tinadula riboni, tinamata chikwangwani cha dzina la kalabu pa simenti, amayi anavina, koma palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti sipanala isungidwa kwa yani, kapena kuti timphirato timagulidwa shopu iti. Komiti inasankhidwa tsiku lomwelo mothamanga, mvula ikubwera. Awiri mwa amene anaphunzitsidwa kukonza anapita ku Joni chaka chomwecho. Thumba la komiti linalipo ndithu, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo inakwera, pamene chopereka cha pakhomo chinali chomwe chija.

M'chipindamo munangoti zii. Ine ndinali mmodzi wa ojambulitsa tsiku la riboni lija, chithunzi chake chikadali pa Facebook panga pano, ndavala chitenje chatsopano.

Ndikudziwa mwambi umene ena andiponyere, wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, ndipo sindikukana. Koma mlendo ndi ndani? Kwa ife okhala pa boma, olandira malipiro kumapeto kwa mwezi, amene madzi timatsegula pampopi, mlendo weniweni ndi mayi wa ku Ruo kuja amene amadzuka nkhuku zisanalire kukaima pamzere ndi ndowa. Iyeyo ndi amene ali ndi zimene ife sitikuzidziwa. Bambo wa mu mzinda uja amawerenga mabuku omwe timawerenga ife, amaonera TV yomweyo, amadandaula za mafuta ngati ife. Anatiuza zimene timadziwa kale, kungoti m'Chingerezi chabwino.

Ndipo izi si zachilendo kwa makalabu amene tikuwatsanzira. A Lions anayamba mu 1917 ku Chicago, koma ntchito ya maso imene amadziwika nayo dziko lonse inabwera ndi mlendo wodzalankhula. Mu 1925 anaitana Helen Keller, mayi amene anali wosaona komanso wosamva, kudzalankhula pa msonkhano wawo waukulu ku Ohio, ndipo iye anawapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Sanaitane katswiri wofotokoza za anthu osaona, anaitana mwini wake wa vutolo. Mukapita ku Queens ku Blantyre n'kuona chipatala cha maso chokhala ndi dzina la Lions, muzu wake uli pa tsiku limenelo. A Rotary nawo, amene Paul Harris anayambitsa ndi anzake atatu mu 1905, dzina lawolo linachokera pa kusinthanasinthana malo okumanirana, lero ku ofesi ya uyu, sabata yamawa kwa wina. Ife tinatengera belu, tinatengera mabaji ndi kaitanidwe ka maudindo, koma kuzungulirako tinakusiya. Chiyambireni timakumana m'chipinda chimodzimodzi cha pa loji, pamene munthu wa kumudzi amachita mantha ngakhale kupukuta mapazi pakhomo.

Pali chinanso chimene chimandipweteka monga mwana wa kuno. Mulanje si malo ophunzitsidwa za kudzithandiza pa nkhani ya madzi. M'zaka za m'ma 1970 makolo athu anakumba okha ngalande ndi makasu, mtunda wautali zedi, kuika mapaipi otenga madzi m'mitsinje ya m'phiri kutsikira nawo m'midzi popanda injini iliyonse, ndipo alendo ochokera maiko ena ankabwera kudzaona. Amayi anga ankanena kuti mudzi uliwonse unali ndi chigawo chake chokumba, ndipo wojomba ankakaonekera kwa amfumu. Ngakhale mjigo wa Afridev umene uli ponseponsewu, chiyambi chake chili kuno ku Malawi, unayesedwa ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu a pamudzi azikonza okha. Ena mwa anthu amene anakumba ngalande zija akadali moyo, ali m'midzi momwemu, akukazinga nandolo. Kalabu yathu sinaitanepo ngakhale mmodzi kudzatiuza kuti zinkatheka bwanji nthawi imeneyo, nanga chinasokonekera n'chiyani.

Musandimve molakwa, alendo ena akutali anatithandiza kwambiri. Chaka china kunabwera dokotala wa maso. Iyeyu anangofika n'kufunsa kuti, "Ndilankhule chinenero chanji?" ndipo analankhula Chichewa, anajambula diso pa bolodi, n'kutifotokozera kuti ng'ala si ufiti, si ukalamba wongoulandira, ndi kagalasi ka m'diso kamene kachita mtambo ndipo opareshoni yake ndi yaifupi. Ine ndinabwerera kunyumba n'kukatenga azakhali anga amene anakhala zaka ziwiri akuyenda chogwira khoma, atauzidwa ndi anzawo kuti kuchipatala amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Atawamasula bandeji m'mawa mwake, chinthu choyamba chimene ananena n'chakuti ndanenepa. Mlendo wotere abwere ngakhale kuchokera ku Karonga, tidzamulipirira basi. Vuto langa si mtunda umene munthu wayenda, koma kasankhidwe kathu. Timayamba tafunsa kuti kodi ali ndi udindo wanji, chithunzi chake chidzaoneka bwanji pa tsamba lathu, m'malo mofunsa kuti ntchito imene tili nayo m'manja ikusowa nzeru yanji.

Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 inatiphunzitsa zomwezi, koma tinaiwala msanga. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, milatho itaduka, anthu atadzaza m'makalasi a sukulu, tinasonkha mwachangu ndipo ndimanyadira anzanga pa zimenezo. Tinagula ufa, soya, mabulangete. Titafika pa msasa wina, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anatitengera pambali n'kutiuza mwaulemu kuti ufa wabwera kale kuchokera kwina, chimene chikusowa ndi ndowa zokhala ndi zivundikiro, sopo, mankhwala othira m'madzi ndi nsalu za amayi akakhala kumwezi, poti kolera inali ikadavuta m'dziko muno nthawi imeneyo. Tikanamuimbira foni tisanapite kukagula. Nambala yake tinali nayo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife tinathamangira kutsekula chitseko china.

Wina anandiuza kumapeto kwa msonkhano kuti tikayamba kuitana amakaniko ndi alimi, mamembala ena asiya kubwera, chifukwa anthu amabweranso kudzadziwana ndi akuluakulu, kupatsana manambala, kupeza mwayi wa bizinesi. Sindikuwaweruza, moyo ndi wovuta, ndipo ngakhale Rotary inayamba ngati malo odziwirana anthu a bizinesi. Komabe miyezi ilipo khumi ndi iwiri pa chaka. Tikapatsa akuluakulu isanu ndi umodzi, yotsalayo sitingapatse anthu amene dzina lathu lamatidwa pa simenti ya m'mudzi mwawo? Mphunzitsi wa sitandade 1 amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhonde adzatiuze ngati madesiki ndiwo anali vuto lake loyamba. Mlimi wa ku Thyolo amene anazula nthochi zake zonse chifukwa cha matenda a chisaka adzatiuze mmene anayambiranso. Mayi wothyola tiyi adzatiuze chifukwa chake mwana amene timamulipirira fizi amajomba miyezi ya mvula. Ndipo tikawaitana, tiwapatse mpando womwe uja wa kutsogolo, kapaketi ka tiyi komwe kaja, ndi ya ulendo yofanana ndi imene timapatsa a galimoto. Osati kuwasunga kumbuyo maola atatu ndi jekete lonyowa.

Za mjigowo tinagwirizana kuti chaka chino sitikumbitsa wina. Ndalamayo tigulira zipangizo zosungira, tiphunzitsa anthu ena anayi a pamudzipo, atatu akhale amayi poti iwo sathamangira ku Joni, ndipo makaniko uja aziuyendera miyezi itatu iliyonse. Pa ntchito imeneyi palibe riboni yodula, ndiye sindikudziwa kuti tidzaika chithunzi chanji pa tsamba.

Mwezi wamawa ndi gawo langa kupeza mlendo. Dzulo ndinakwera kabaza kupita kumudzi kuja kukapempha mayi amene amasunga thumba la komiti ya mjigo. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Poyamba anaseka, akuti, "Aphunzitsi, ine ndikanene chiyani pamaso pa mabwana?" Kenako analowa m'nyumba n'kutulutsa kope la ana asukulu lokutidwa ndi pulasitiki ya shuga, mmene analemba khomo lililonse, amene anapereka, amene anapereka nandolo m'malo mwa ndalama, ndi agogo amene komiti inagwirizana kuti asamapereke. Anandifunsa zinthu ziwiri: ngati angalankhule Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe chawo, ndiponso ngati msonkhanowo ungathe msanga kuti abwerere kusanade, poti mtsinje ukumadzaza madzulo. Ndinavomera zonse ziwiri ndisanafunse a Tcheya. A Tcheya, mwamvera pompano.