Chenjezo: lekani kuseka wodwala maganizo, ngakhale Frank Bruno adagonekedwapo

Achinyamata inu, komanso akuluakulu ena amene imvi zangokumerani chabe, tcherani khutu. Khalidwe lothamangira foni mukaona munthu mutu wamusokonekera, kumujambula, kuponya pa WhatsApp n'kuikapo tinkhope toseka pansi pake, ndi lonyansa ndipo lithe. Ndikuuzani za munthu mmodzi, mwina mukamva msinkhu wake mudziletsa.

Frank Bruno, katswiri wa nkhonya wa ku Britain, adabadwira ku London mu 1961, mayi ake ochokera ku Jamaica, bambo ake ku Dominica. Paubwana anali wandewu, mpaka adamutumiza kusukulu yogonera konko ya anyamata osamva ku Sussex, ndipo nkhonya adakulira nazo kumeneko. Ali ndi zaka 18 anali atatenga kale ukatswiri wa nkhonya za osalipidwa kwawoko, m'gulu la zimphona. Atayamba kumenya zolipidwa mu 1982, anthu 21 oyamba kukumana naye onse adawagwetsa ndime zisanathe. Chifuwa chinali chimenecho, dzanja lamanja losati n'kuliyesa dala. Koma anthu a ku Britain sadamukondere chibakera chokha. Anali wansangala, woseka ndi mawu a besi, wodziwa kucheza pa wailesi yakanema, moti ngakhale agogo osadziwa malamulo a nkhonya ankamutchula dzina loyamba ngati mdzukulu wawo.

Lamba wa dziko lonse ndiye adamuzunza. Mu 1986 Tim Witherspoon adamugonjetsa. Mu 1989 Mike Tyson adamugonjetsa ku Las Vegas, ngakhale m'ndime yoyamba Bruno adamuthira chibakera chomwe chidamudzandiritsa. Mu 1993 Lennox Lewis naye adamugonjetsa ku Cardiff. Wina akadapachika magolovesi pamenepo. Iye adabwereranso kachinayi, ndipo pa 2 September 1995, pa bwalo la Wembley, adalimbana ndi Oliver McCall ndime zonse 12, kumapetoko akungomukangamira kuti asagwe, n'kutenga lamba wa dziko lonse wa bungwe la nkhonya la WBC. Adalira misozi anthu akuona. Lambayo adangokhala naye miyezi isanu ndi umodzi: mu March 1996 Tyson adamulanda m'ndime yachitatu, ndipo madokotala adamuuza kuti diso lake lavulala, akapitiriza akhoza kuchita khungu. Adasiya atapambana nkhonya 40, atagonja zisanu.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale chete. Munthu amene kuyambira ali mwana ankadzuka mbandakucha kukathamanga, masana kumenya thumba, chakudya chomuyezera, wina akumuuza nthawi yogona, mwadzidzidzi adadzuka m'mawa wopanda pomuyembekezera. Banja lidagwedezeka mpaka lidatha mu 2001. Mu 2002 George Francis, mphunzitsi amene adamuyimirira pakona zaka zambiri, adadzipha. Bruno mwini adadzavomera poyera kuti adalowereraponso mankhwala osokoneza bongo a cocaine, ndipo kuti adangoipitsa zinthu. Mu September 2003 adamutenga kunyumba kwake, lamulo la kumeneko lololeza kugoneka wodwala maganizo ngakhale iye akukana litagwiritsidwa ntchito, n'kukamugoneka pachipatala cha Goodmayes. Madokotala adapeza kuti ali ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar.

Ndiye nyuzipepala ya The Sun, imodzi mwa zogulidwa kwambiri m'dzikomo, idachita zomwe mumachita inuzi. Patsamba loyamba, ndi zilembo zikuluzikulu, idamutcha wopenga amene watsekeredwa. Awerengi adakwiya, bungwe la SANE loyankhulira odwala maganizo lidadzudzula, ndipo usiku womwewo mutu wa nkhaniyo adausintha pa makope otsatira. Taonani: iwo anali ndi mkonzi woti aimitse makina. Inu mulibe. Kanema mukangomuponya pagulu, pofika madzulo ali ku Johannesburg kwa mlongo wake wa wodwalayo, ali pa foni ya mwana wake kusukulu, ali kwa abwana amene akadadzamulemba ntchito atachira. Wodwala amachira, kanema sachira.

Ndidaonapo pa depoti ina mwamuna wovala bwino ndithu, malaya opisira, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja, akulalikira kwa minibasi yopanda anthu. Milomo inali itauma n'kusweka, maso ofiira ngati sadagone masiku. Anyamata oitanira adamuzungulira, wina akumufunsa mafunso opusa kuti ayankhe zoseketsa, mafoni ali m'mwamba. Mayi wogulitsa nthochi ndiye adadzuka pa lichero lake, adamupatsa madzi, adapisa m'thumba la malaya ake n'kupeza kapepala ka nambala, adaimbira abale ake. Sadafunikire sukulu kuti adziwe chochita. Anyamata aja anali ndi mayunitsi ojambulira ndi kutumizira, a kuimbira foni analibe.

Matenda amenewa muwadziwe, chifukwa umbuli ndi umene umakusekesani. Bipolar imamunyamula munthu m'mwamba kenako n'kumugwetsa pansi. Ikamunyamula sagona koma satopa, amayankhula mosalekeza nkhani zosalumikizana, amamwaza ndalama, amayamba mabizinesi atatu tsiku limodzi, amadziona ngati wamkulu kuposa onse, ukamuletsa akupsa mtima. Ikamugwetsa amadzitsekera m'chipinda, chakudya osachifuna, kusamba osakufuna, n'kumadziona wachabechabe mpaka kuganiza zodzichotsera moyo. Choipa n'chakuti nthawi yonyamulidwayo anzake amaikonda. Ndi amene amagulira tebulo lonse mowa, ndi amene amaseketsa. Mumamutcha dolo, mumamwa ndalama zake, ndipo tsiku lomwe wavula malaya pamsewu ndinu oyamba kunena kuti mumaona kale kuti mutu sukuyenda bwino. Ngati munkaona, mudauza yani?

Musaganize kuti Bruno anali yekha. Oliver McCall yemwe uja, amene adalandidwa lamba pa Wembley, mu February 1997 adakwera bwalo ku Las Vegas kukamenyana ndi Lennox Lewis. Nkhonya zili mkati adangosiya kumenya. Adatsitsa manja n'kumayendayenda m'bwalomo, belu litalira osapita kukakhala pakona pake, misozi ili chuchuchu, mpaka woimbira, Mills Lane, adaimitsa nkhonyazo m'ndime yachisanu. Patangopita miyezi yochepa adagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo. Funso langa silipita kwa McCall, lipita kwa amene adamuzungulira: munthu ali choncho, adamulola bwanji kukwera bwalo kukakumana ndi zibakera za Lewis? Panali ndalama, basi. Tyson Fury naye, atagonjetsa Wladimir Klitschko ku Germany mu 2015 n'kukhala pamwamba pa onse, adamira m'mowa ndi cocaine, adanenepa mosadziwika, adasiya malamba ake, ndipo wakhala akunena yekha kuti ankafuna kufa. Adabwerera m'bwalo mu 2018 atalandira thandizo.

Tsono inu amene mumauza mnzanu kuti "mwamuna salira, limba mtima, tiye tikamwe ziiwalike", mwamuna wake ndi uti woposa awa? Anthu amene ntchito yawo inali kulandira zibakera kumaso kwa mphindi 36 osagwa, matendawa adawagwetsa. Kulimba kwa thupi kulibe nawo ntchito. Ndipo mowa ndi chamba zomwe mumamupatsazo si mankhwala, zimangofulumizitsa tsiku loipa. Apolisi kwathu kuno akamalengeza za anthu odzipha, ochuluka amakhala amuna. Ambiri mwa iwo adayesapo kuyankhula, wina adawaseka, adatseka pakamwa.

Makolo nanunso sindikusiyani. Mwana akayamba kuyankhula yekha, kusagona, kuopa anthu, ena mumamutsekera kuchipinda chakuseri kuti aneba asadziwe, ena mumamumanga chingwe, ena mumayamba kuloza zala azakhali ake kuti amulodza. Miyezi imatha mukuzungulira kwa asing'anga ndi kumapiri, mbuzi zikutha m'khola, matenda akukhazikika. Pempherani, palibe akukuletsani, mayi ake a Bruno nawonso anali mlaliki. Koma mwana wawo adapita kuchipatala. Yambirani pachipatala cha boma cha m'boma lanu, mukafunse woona za matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba, chimene mwachisandutsa nthabwala yotukwanirana, ndi chipatala monga zina zonse, anthu amalowa n'kutuluka. A St John of God, amene amathandizanso odwala maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo wodwala akapatsidwa mankhwala, musamuuze kuti asiye poti wayamba kuoneka bwino. Ngati akumufooketsa kapena kumugonetsa kwambiri, bwererani naye kwa dokotala akasinthe. Bruno yemwe wadandaulapo poyera za mankhwala amphamvu omwe ankamusandutsa ngati chidole, ndipo dandaulo lotere malo ake ndi m'chipinda cha dokotala, osati pa bawo.

Mnzanu akakuuzani kuti watopa ndi moyo, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musamuyese wanthabwala. Mufunseni mosapsatira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, uzani wachibale wamkulu, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Bruno sadachire kamodzi n'kuiwala. Mu 2012 adagonekedwanso, ndipo nthawi ya Covid-19, anthu atatsekeredwa m'nyumba, adabwereranso m'chipatala. Matendawa amatero, amafuna kuwayang'anira moyo wonse monga shuga kapena BP. Koma pakati pa zonsezo, mu 2017 adakhazikitsa bungwe la Frank Bruno Foundation, lomwe limaphunzitsa anthu ovutika maganizo masewero a nkhonya osamenyana, kungolimbitsa thupi ndi kukhala pamodzi n'kumakambirana, ndipo wakhala akuyenda m'malo ambiri kufotokoza za matenda ake osabisa nkhope.

Inu oyang'anira magulu a WhatsApp ndi masamba a Facebook, kanema wa wodwala akaponyedwa, mufufuteni nthawi yomweyo ndipo woponyayo mumuuze chifukwa chake pagulu pomwepo. Akabwereza, mutulutseni. Amene muli nawo kale makanema otere m'mafoni mwanu, afufuteni lero.