Kadyetsedwe ka nkhosa ku Lesotho ndi ku Free State nyengo yozizira isanafike

Dziko la Lesotho ndi chigawo cha Free State ku South Africa amalekanitsidwa ndi mtsinje wa Caledon, ndipo mbali zonse ziwiri nkhosa za mtundu wa Merino zimapirira chisanu chofanana kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Komabe kadyetsedwe kake n'kosiyana kwambiri.

Mlimi wa ku Free State ali ndi minda yotchingidwa ndi waya, choncho amasankha yekha tsiku lolowetsa nkhosa yamphongo pakati pa zazikazi. Kukatsala milungu iwiri kapena itatu, amaonjezera chakudya, kaya ndi chimanga pang'ono kapena msipu wobiriwira umene anausunga, chifukwa nkhosa imene ikunenepa pa nthawi yokweretsa imatenga bere msanga ndipo kawirikawiri imabereka mapasa. Bere la nkhosa limakhala miyezi isanu. Akakweretsa mu Epulo, milungu isanu ndi umodzi yomaliza, imene mwana amakula kwambiri m'mimba, imagwera mu Ogasiti, udzu utauma ndi kutha mphamvu. Apa mlimi amakhala atakonzeka kale ndi mapesi, udzu wa lucerne wouma, ndiponso mchere wonyambita wosakaniza ndi urea. Mchere umenewu ndimauopa pa khola laling'ono, pakuti ukanyowa ndi mvula nkhosa n'kumwa madzi ake, zimafa m'maola ochepa.

Ku Lesotho msipu ndi wa onse, ndipo mafumu amatseka madera ena kuti udzu upume, mwambo umene Abasotho amautcha leboella. M'chilimwe abusa amakwera ndi ziweto kumapiri a Maloti, monga m'boma la Mokhotlong, ndipo kuzizira kukayamba amatsika nazo pothawa chipale chofewa, n'kuzidyetsa mapesi ndi oats wochepa amene banja linalima. Nzeru yosuntha ziweto imeneyi ndimailemekeza, chifukwa siilira ndalama ndipo imapatsa nthaka mpata wophukira. Vuto lake n'lakuti pamene nkhosa za anthu osiyana zikudyera pamodzi, yamphongo ya mnzako imakwera nkhosa zako pa nthawi imene iwe sunafune, ndipo ana amabadwa pakati pa chisanu amayi awo ataonda, alibe mkaka wokwanira.

Kwa munthu wa nkhosa khumi, ine ndikuona kuti chofunika kutengera ku Free State si matumba a chakudya chogula, koma kupatula yamphongo. Amene wadziwa mwezi umene nkhosa zake zidzabereke angathe kusunga chakudya chochepa chimene ali nacho n'kuchipereka pa nthawi ziwiri zokha, asanakweretse ndiponso bere likakhwima, m'malo mochimwaza chaka chonse. Kwathu kuno, kumene njala ya ziweto imafika pachimake mu Okutobala mvula isanagwe, madeya ndi masamba ouma a mtedza angagwire ntchito yomweyo ngati tiwasunga pamthunzi kuyambira nthawi yokolola.