Belu la ku yunivesite ndi anzako

Chaka chilichonse bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE likangotulutsa maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, malangizo amayamba kuvumba. Ambiri ndi abwino ndithu. Koma pali limodzi limene ine ndimakana, lija lakuti kumeneko usakapeze anzako chifukwa wapita kukawerenga.

Ine anandiuza zimenezi ndi azakhali anga, titaima pa depoti ku Lilongwe. "Iwe, kumeneko mnzako ndi buku basi. Wamva?" Ndinati ndamva azakhali. Ndipo ndinamveradi, mpaka zinandipweteka.

Ndinafika ku Zomba ndi thumba la ufa, botolo la chiponde ndi chikwama cha zovala. Yunivesite ya kumeneko ife timangoti Chanco mpaka pano, ngakhale kuyambira 2021 dzina lake ndi UNIMA. Ndinapeza kachipinda ka lendi ku Chikanda. Kalasi ikatha ndinkalunjika kuchipinda, kukhoma chitseko, kutsegula buku. Ndinkadziona ngati yearo, wa chaka choyamba, wanzeru kuposa onse.

Semesita yoyamba yomweyo, mayeso ena a CA, aja a mkati mwa semesita, anasunthidwa kuchoka Lachinayi kubwera Lachiwiri m'mawa. Class rep analemba pa gulu la WhatsApp. Ine bandulo inali itatha Lamulungu, ndimati ndigula ndalama ikalowa. Lachiwiri masana ndikubwera ndi kope langa m'manja, ndinapeza anthu pansi pa mtengo akutsutsana za yankho la funso lachitatu. Ndinafunsa kuti funso lachitatu la chiyani. Anandiyang'ana ngati ndagwa kuchokera m'phiri la Zomba. M'kalasi lonse lija munalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi nambala yanga, kapena wodziwa chitseko changa kuti adzagogode. Mamaki aja anapita choncho, ndipo kosi imeneyo ndinalemba supu, mayeso obwereza a amene alephera. Woti ndimuloze chala panalibe, kupatula ine ndemwe.

Chimene anthu akuluakulu saona n'chakuti ku sekondale nthawi ankatisungira ndi ena. Belu lodzukira, belu la phala, belu la prep, mphunzitsi woyendera ndi tochi m'ma hostel. Unkatha kukhala wopanda mnzako n'kumachitabe zonse pa nthawi yake. Ku yunivesite kulibe belu. Lecturer sakufunsa chifukwa chake sunabwere, mwina sakudziwa n'komwe kuti uliko. Ukagona, wagona. Amene amakudzutsa ndi munthu amene wazindikira kuti mpando wako uli wopanda munthu.

Semesita yachiwiri ndinasintha, osati chifukwa cha nzeru koma mantha a weeding, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso. Tinakumana anayi. Wina wa ku Karonga amene ankaseka nsima yanga kuti ndi phala lolimba, wina wa ku Nsanje, wina wa ku Ndirande, ndi ine. Chinatilumikiza poyamba chinali mphika. Kuphika wekha ku Chikanda n'kuwononga makala ndi nthawi, ndiye tinayamba kusonkha. Bonya, soya pieces, nyemba, masamba a pamsika, aliyense ndi tsiku lake lophika. Magetsi akathima, mbaula inali yokonzeka pakhonde.

Pa mphika pomwepo ndi pamene panabadwira pepala lathu. Lamulungu lililonse tikatha kudya madzulo, tinkatenga pepala limodzi la A4 n'kulemba zonse za sabata imeneyo: assignment iti ikufunika liti, mayeso ndi tsiku liti, ndani akatenga past papers kwa ma conti (a zaka zapatsogolo pathu), ndani akasindikiza. Tinkalimata pachitseko ndi selotepu. Ukamaliza chako umadula mzere ndi cholembera chofiira, ndipo chikakhala chosadulidwa Lachitatu, anzako amakufunsa pamaso pa nsima. Ndayesapo ma app angapo a pafoni okonzera nthawi, onse ndinawasiya pasanathe sabata ziwiri. Foni siikuchititsa manyazi. Wa ku Nsanje uja ankangokuyang'ana n'kunena kuti "achimwene, mzere wanu uja ukadali moyo," ndipo usiku womwewo umapezeka uli ku library.

Ndalama nazo chimodzimodzi. Kaya ndi ngongole ya ku Loans Board, kaya ndi ya makolo, ikangolowa munthu umamva ngati sidzatha. Sabata yoyamba chips ndi nkhuku, yachitatu ukuyang'ana amene wasiya mkute. Ife tsiku lomwelo yalowa tinkachotsa ya lendi, ya chakudya cha mwezi, ya makala, ya bandulo ndi yosindikizira. Ya chakudya tinkaitumiza pa Mpamba kwa wa ku Karonga uja, chifukwa anali wouma manja moti ngakhale uchite kumulirira sankatulutsa ya zitumbuwa. Yotsalayo ndiye yako, uchite nayo zimene ukufuna.

Sindikunena kuti aliyense wokusekerera ndi mnzako ayi. Azakhali aja anali ndi mfundo yawo. Alipo anzako a Lachisanu okha, amene amakukumbuka ukalandira. Aliponso amene amakuimbira 11 koloko usiku kuti "aise, tanditumizire assignment ija ndingoonako kalembedwe," mawa lake n'kupeza wangosintha dzina. Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi: munthuyu amandifuna nthawi yanji? Amene amakuimbira 7 koloko m'mawa kuti uli kuti kalasi ikuyamba, mugwire mwamphamvu.

China, musamangokakamirana a kwanu okhaokha kapena a sekondale imodzi. N'zokoma masiku oyamba, koma nonse mumadziwa zofanana ndipo mumasochera pamodzi. Pitani ku magulu a ophunzira achikhristu monga SCOM ndi YCS, ku gulu la ophunzira achisilamu, ku kwaya, ku mpira, kulikonse kumene mungakumane ndi wa chaka chachitatu amene anadutsa kale kosi imene ikukuvutaniyo. Ineyo notsi zimene zinandipulumutsa pa supu ija ndinazipeza kwa mlongo wina wa kwaya, zitathimbirira ndi mafuta ophikira koma zili ndi zonse.

Za supu imeneyo azakhali sindinawauze mpaka lero. Amene mukuwadziwa, chonde musawaonetse positi iyi.